Diso Lakumwamba Lili M'manja mwa Yani?

Kuno ku Nkhotakota, msodzi amafuna setilaiti imuchenjeze mwera usanawombe. Koma diso loona mitambo limaonanso anthu.

Mu 2003 dziko la China linatumiza Yang Liwei m'mlengalenga. Mu 2007 linaphwanya setilaiti yake yomwe ndi mzinga, zidutswa zikwizikwi n'kumwazikira m'njira za masetilaiti a maiko ena. Chaka chomwecho Malawi anasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi Beijing.

Aku America anachitanso zotere mu 1985, koma aphungu awo anaimitsa kuyesako. Ku Beijing angaletse ndani? Inu amene munathawa chipani chimodzi mukuzidziwa za mtsogoleri wosafunsidwa.

Choncho ndikupempha kuti pangano lililonse la masetilaiti lizidzera ku Nyumba ya Malamulo boma lisanasaine.