Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotseka Maphunziro a Alembi a Nkhani Zopeka

 

Inu alembi achinyamata, aphunzitsi anu andiuza kuti mwakhala mukulimbana ndi kamangidwe ka nkhani: tsatanetsatane wake, apangankhani, mkangano, mpaka pampondachimera. Zandisangalatsa, chifukwa apa ndi pamene alembi athu ambiri amapunthwa. Chichewa chokoma tili nacho, miyambi ndi zining'a sitisowa. Koma mukawerenga nkhani zazifupi zambiri za masiku ano, mupeza kuti zinthu zimangotsatizana popanda china kubala chinzake. Mtsikana wapita kutauni, wakumana ndi bambo wa galimoto, wadwala, wabwerera kumudzi, wamwalira. Kenako mlembi amasiya nkhani n'kuyamba kulalikira. Wowerenga sanafunseko n'kamodzi komwe kuti zitha bwanji, poti adadziwiratu mathero ali pandime yoyamba.

Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Tengani nthano imene tonse tidaimva tili ana. Kwagwa chilala, nyama zapangana zokumba chitsime, Kalulu wakana kugwira khasu. Madzi atuluka, ndipo nyama zagwirizana kuti wokana uja asamweko. Taonani, m'mawu ochepa chabe tadziwa chimene Kalulu akufuna ndi chimene chikumutchinga, ndipo ludzu silingamulole kukhala pansi. Afika pachitsime usiku atanyamula uchi, amulawitsa mlonda pang'ono, n'kumuuza kuti wofuna kudya wambiri ayenera kumangidwa kaye. Mlonda wamangidwa, Kalulu wamwa, wasamba, wavundula madzi, uyo wapita. Mawa lake aikapo mlonda wamphamvu kuposa uja, nayenso apezeka m'zingwe. Usiku uliwonse mlandu ukukula, manyazi a nyama akukulanso. Pomaliza adzipereka Fulu, amene onse amamuderera. Ndipo Kalulu agwidwa chifukwa cha kuzolowera kwake komwe: wapambana kambiri, wasiya kuyang'ana pamene akuponda. Sinamugwere mphezi. Sanadzidzimuke n'kupeza kuti amalota. Chimene chamugwetsa chidadzalidwa kale m'kati mwa nkhani.

Agogo pofotokoza nthano anali ndi mwayi umene inu mulibe. Ana akayamba kuyankha "tili tonse" mofooka, iwo ankadziwa kuti nkhani yazirala, n'kuikamo nyimbo kapena kufulumizitsa zinthu. Inu wowerenga wanu simumuona. Ali m'minibasi ya ku Ndirande, kapena ali pafoni pomwe uthenga wa WhatsApp ukulowa motsatizana, ndipo akatopa amangotseka osakuuzani. Chimene chingamugwire kuti afike nanu kumapeto ndi kamangidwe basi.

Pano ndichenjezepo chinthu chimodzi. Nkhani iliyonse ili ndi msinkhu wake. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba Nthondo, buku limene lidatuluka m'chaka cha 1933, lidapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingelezi n'kulitcha Man of Africa m'chaka cha 1934. Ntara adamutsata Nthondo kuyambira kubadwa, kudutsa unyamata wake wovuta ndi maulendo ake, mpaka kukhala mfumu ndi kutembenuka mtima. Zidatheka chifukwa anali ndi buku lathunthu. Inu mukapatsidwa tsamba limodzi la nyuzipepala, musayese kupanikizamo moyo wonse wa munthu. Sankhani tsiku limodzi, ngakhale ola limodzi, pamene munthuyo ayenera kusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene zonse akuzifuna. Mayi wagwira ndalama ya fizi ya mwana m'manja, ndipo uthenga wafika kuti mlongo wake wagonekedwa m'chipatala. Yambirani pomwepo. Za ubwana wake tidzazimva pang'onopang'ono ngati zikufunika.

Mukamaliza kulemba, ndime iliyonse muifunse kuti yachitika chifukwa cha chiyani, nanga yabala chiyani. Ndime imene ilibe yankho ichotseni, ngakhale ikhale ndi mwambi umene mumaukonda kwambiri. Ndikudziwa kuti zimawawa. Koma mlembi amene safuna kufufuta sadzakula.

Musamagwirenso ntchitoyi panokha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ku Chancellor College kudali kagulu ka alembi kotchedwa Writers Group, ndipo Jack Mapanje ndi Steve Chimombo ndi ena mwa anthu amene adadutsamo. Ankasonkhana, wina n'kuwerenga zimene walemba, anzake n'kumuuza mosabisa pamene pafooka. M'nyengo imene mawu ankatha kutsekeretsa munthu m'ndende, iwo sadasiye kukumana. Lero tili ndi bungwe la alembi la MAWU, tili ndi mafoni, tili ndi ufulu, ndiye chotilepheretsa kuwerengerana n'chiyani? Stanley Onjezani Kenani adafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa Caine kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Mmalawi akamanga nkhani yake bwino, dziko limawerenga.

Kwa inu osindikiza mabuku, ndili ndi pempho. Musamangoyembekezera mabuku olowa pasilabasi ya sukulu. Lembani ntchito akonzi amene angakhale pansi ndi mlembi wachinyamata n'kumuonetsa pamene nkhani yake yathyoka msana, osati ongokonza malembo ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Mubwezereni zolemba zake ndi ndemanga, osati ndi chete.

Ndipo inu alembi, satifiketi imene mulandire lero muisunge bwino, koma chimene tikudikira ife owerenga ndi nkhani. Bwererani ku nkhani imene mudabwera nayo kuno, muiphwasule, muimangenso, ndipo mwezi uno usanathe mupatse mnzanu mmodzi wa m'chipinda muno kuti aiwerenge.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa.