Mbale Wathu Akapezeka ndi Khansa: Mawu kwa Anthu a kwa Kaduya



Munthu akauzidwa kuti ali ndi khansa, makutu amagontha ndi mantha, ndipo zambiri zimene dokotala wanena sazimva. N'chifukwa chake pempho langa loyamba ndi lakuti wodwala asamapite yekha kukamva zotsatira. Womuperekeza atenge cholembera ndipo afunse mafunso anayi: Ndi khansa ya mtundu wanji? Yafika pati? Pali chithandizo chanji? Tibwerenso liti, ndipo kuti? Mayankho alembedwe, ndipo buku lakuchipatala lisungidwe pamodzi ndi kalata yotumizira wodwala.

Chithandizo chilipo cha mitundu itatu: opaleshoni yochotsa chotupa, mankhwala amphamvu otchedwa chemotherapy, ndi kuwotcha chotupa ndi makina, komwe amati radiotherapy. Chipatala chathu cha boma ku Migowi chimatumiza odwala ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Kale ofunika radiotherapy ankapita kunja kwa dziko, koma tsopano makinawo alipo: pachipatala cholipira ku Blantyre kuyambira 2024, komanso pachipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chimene chinatsegulidwa mu 2025. Wosankha njira yoyenera ndi dokotala atapima, osati mphekesera za pa WhatsApp.

Mdani wamkulu ndi kuchedwa. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutha amayi ambiri m'dziko muno, imachizika ikapezeka msanga. Koma banja likatha miyezi likufunafuna wolodza, likugulitsa mbuzi ndi nandolo kuti ligule mankhwala a m'mabotolo olonjeza kuchiza chilichonse, matenda amakhala akufalikira. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tipemphere ndithu, koma tsiku lakuchipatala lisaphonyedwe. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa.

Nanga ife a m'mudzi tichitenji? Kuzipatala za boma chithandizo n'chaulere, koma ulendo wa ku Blantyre ndi chakudya cha wodikirira wodwala zimafuna ndalama. Magulu a banki mkhonde, mipingo, mizikiti ndi makomiti a chitukuko akhale ndi kathumba ka thiransipoti. Ena alime munda wa wodwalayo, ena aonetsetse kuti ana ake sakujomba kusukulu. Khansa sipatsirana podyera mbale imodzi, choncho tisamusale. Abambo, mkazi akadwala si nthawi yomuthawa.

Ngakhale matenda atafika posachizika, chisamaliro sichitha. Mankhwala opha ululu monga morphine alipo kuchipatala, kafunseni.

Pomaliza, amayi kayezetseni khomo la chiberekero, ndipo atsikana athu alandire katemera wa HPV amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Mutu umodzi susenza denga.