Magazi a mwana ndi ubongo wake: za matenda a sickle cell



Lero ndabwera ndi nkhani ya mwana amene ambirife tinamuonapo. Amabadwa bwinobwino. Akakwanitsa miyezi 6, timanja ndi timapazi timatupa, amalira usiku wonse, maso achikasu, magazi kuperewera pafupipafupi. Kenako tsiku lina ali ku pulayimale, dzanja limodzi lalefuka, pakamwa papotoka, mawu sakumveka. Pamudzi timayamba kulozana zala. Chonde tisatero, chifukwa chimene chachitikacho chimadziwika: ndi matenda a sickle cell.

M'magazi mwathu muli puloteni yotchedwa himogulobini, yonyamula mpweya wabwino. Thupi limailuka motsatira malangizo amene tinatengera kwa makolo: tizidutswa tolumikizana mumzere, mzerewo n'kudzipinda mwa njira yakeyake. Mzere umodzi mwa mizere yake uli ndi tizidutswa 146. Kwa wodwala sickle cell, kachidutswa kachisanu ndi chimodzi n'kosinthika. Kamodzi kokha! Vernon Ingram ndi amene anatulukira kusiyanaku ku Cambridge mu 1956. Puloteniyo ikapindika, kachidutswako kamatsala kunja ndipo kamamata. Mpweya ukachepa, mapuloteni amamatirirana, selo la magazi lomwe linali lozungulira ndi lofewa limauma n'kupindika ngati zenga lomwetera mpunga. Maselo otero amatseka timitsempha, ndipo amafa m'masiku 10 mpaka 20 pamene abwino amakhala masiku 120.

Mtsempha ukatsekeka m'fupa, mwana amamva ululu woopsa. Ukatsekeka mu ubongo, ndiye sitiroko. Popanda chithandizo, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 odwala amachita sitiroko asanakule. Palinso ina yobisika, yosapha ziwalo koma yowononga kachigawo ka ubongo umene ukukulabe. Mwana amayamba kuiwala, kubwereza kalasi, ife n'kumamukalipira kuti ndi waulesi. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Abambo, apa mundimvetse bwino. Matendawa sachokera kuchikazi kokha. Mwana amadwala akatengera chibadwa cha matendawa mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi, ngakhale makolowo ali athanzi. Onse awiri akakhala nacho chibadwachi, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana adwale. Nanga n'chifukwa chiyani chafala m'madera a malungo ngati kuno kunyanja? Anthony Allison anaonetsa mu 1954 kuti wotengera mbali imodzi yokha amatetezekako ku malungo aakulu. Koma wotengera mbali zonse, malungo kwa iye ndi oopsa koposa.

Ndiye mwana wotereyu azigona m'neti usiku uliwonse, neti si yopherako usipa. Azimwa madzi ambiri. Nyengo ya mwera ino muzimufunditsa, asamasambe m'nyanja m'mamawa. Thupi likatentha, musadikire kuche. Mankhwala alipo: penisilini, foliki asidi, komanso hydroxyurea amene amachepetsa ululu ndi kufunika kowonjezera magazi. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuli kiliniki ya ana a matendawa, ndipo poyambira ndi chipatala chathu cha boma cha Nkhotakota.

Amene muli ndi mwana wotupa manja, kapena amene anawonjezeredwapo magazi kangapo, mundipeze tikangomaliza pano, ndi buku lake la kuchipatala. Tikonze zokamuyezetsa sabata yomwe ino.