Mlambe, Nkhokwe ya ku Chigwa cha Bwanje



Kutali ku Ulaya, m'maiko ozizira a Sweden ndi Finland, kuli kachitsamba kosafika ndi m'mawondo komwe, kotchedwa lingonberry. Tizipatso take n'tofiira ndiponso towawasa. Tikapsa m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, mabanja amalowa m'nkhalango kukatola, naphika jamu wodya chaka chonse. Anthu amenewa ngolemera, koma sanyoza chipatso cha m'tchire mwao.

Nanga ife? Mukamayenda pa msewu wochokera ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, mudzaona milambe itaima m'minda ndi m'midzi. Palibe anaithirira kapena kuipalira, komabe chilimwe chilichonse imabala. Maluwa ake oyera amamasula usiku, ndipo mileme ndiyo imanyamula mungu kuti zipatso zibadwe.

Ufa woyera wa m'kati mwa malambe uli ndi vitamini C wochuluka kuposa wa m'malalanje mukayeza muyeso wofanana. Vitamini ameneyu amalimbitsa usinini, amathandiza zilonda kupola, ndiponso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'ndiwo zamasamba. Ichi n'chofunika kwa amayi oyembekezera ndi ana, amene kuchepa kwa magazi kumawavuta kawirikawiri. Mulinso kashiamu womanga mafupa ndi mano. Maiko a bungwe la European Union analoleza ufa umenewu kugulitsidwa ngati chakudya m'chaka cha 2008, ndipo amaugula ndi ndalama zambiri. Ife kuno timauyesa choseweretsa ana.

Amayi, kumbukirani ichi: moto umaononga vitamini C. Musawiritse malambe. Avikeni m'madzi owiritsa kale amene azizira, sefani, ndipo thirani m'phala la mwana mutaliphula. Masamba anthete a mlambe nawonso ndi ndiwo yabwino.

Koma pali nkhawa. Milambe imene tikudya lero anatisiyira makolo. Ing'onoing'ono ikutha: mbuzi zikudya, moto wolusa ukutentha, khasu likudula. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mukapeza kamlambe m'munda, kaikireni mpanda waminga. Mwina inu simudzadyako, koma adzukulu anu adzakutchulani dzina akamadzaswa malambe pansi pake.