Tisagulitse Mphamvu Zathu Pokolola



Lero tikambirane za moto umene uli m'thupi mwathu. Nsima ikafika m'matumbo imasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Mothandizidwa ndi mpweya umene timapuma, thupi limawotcha shugayu pang'onopang'ono n'kupeza mphamvu zogwirira khasu. Ngakhale tili m'tulo motowu suzima, chifukwa mtima ndi ubongo zimagwirabe ntchito.

Shuga wina amasungidwa m'chiwindi, koma nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono: tikapanda kudya imatha pafupifupi tsiku limodzi. Ikatha, thupi limadalira mafuta amene linasunga. Njala ikapitirira, limadya ndi minofu yomwe, ija timalimira.

Apa ndiye pagona vuto lathu. Kupalira ndi kubandira kumachuluka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nthawi imene chakudya chatha m'makomo ambiri. Ife amene tinaona njala ya 2002 tikudziwa: mlimi wofooka amapalira mochedwa, ndipo zokolola zake zimachepanso.

Tsono pokolola tisathamangire kugulitsa zonse kwa mavenda. Tiyambe tasunga chimanga chokwanira chaka chonse. Tisungenso mtedza, chifukwa pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene ya ufa sifika 4. Tizithira nsinjiro m'ndiwo ndi m'phala la ana. Nyemba, nandolo ndi soya zimathandiza kumanga minofu.

Zotsalazo ndiye tigulitse pamodzi kudzera m'makalabu athu, pa mtengo wabwino.