Mfumu ikapita kukathandiza adani: nkhani ya Henry Shefflin

Anandipatsa mutu wa masewero, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mumayembekeza kuti ndikamba za Maule ndi Manoma kuti tiyambe kunyozana pompano. Pepani, lero ndikutengerani kutali, ku Ireland, ku masewero omwe mwina simunawaonepo. Dzina lake ndi hurling. Funso lomwe ndabwera nalo ndi ili: munthu amene mwamuchemerera moyo wanu wonse akadzuka tsiku lina n'kukakhala kochi wa timu yomwe mumalimbana nayo, mumatani naye?

Ndiyambe ndafotokoza masewerowo mwachidule kuti tiyendere limodzi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 15. Aliyense amanyamula ndodo yathabwa yophwathalala kumapeto, ndipo amamenya kampira kolimba, kakukula ngati ka tenisi. Kampirako amatha kukawakha ndi dzanja, kukamenya m'malere, kapena kuthamanga nako kali pamwamba pa ndodo. Mapolo ake ali ngati chilembo cha H. Kakadutsa pamwamba pa mtanda ndi pointi imodzi, kakalowa mu ukonde ndi chigoli, ndipo chigoli chimodzi ndi mapointi atatu. Masewero a akuluakulu amatenga mphindi 70. Liwiro lake ndi loopsa, moti kuyambira 2010 aliyense amakakamizidwa kuvala chipewa choteteza mutu.

Koma chomwe chikupangitsa nkhani yathuyi kukhala nkhani ndi ichi. Bungwe loyendetsa masewerowa, GAA, lomwe linayamba mu 1884, silipereka malipiro kwa osewera. Munthu amene mwamuona Lamulungu akusewera pamaso pa anthu 82,000 m'bwalo la Croke Park ku Dublin, Lolemba mumupeza ali m'kalasi kuphunzitsa ana, kapena ali ku banki, kapena ali kumunda. Kulibe msika wogulitsana osewera. Umasewerera kalabu ya parishi yomwe unakulira, ndipo ukachita bwino amakutenga mu timu ya county yako, kwathu kuno tingati boma lako. Ndiye jezi ija si ya bwana amene wakulemba ntchito ayi. Ndi ya kwanu, ya agogo ako, ya anthu omwe umakumana nawo ku tchalitchi ndi ku maliro.

Boma lomwe lawina chikho cha dziko lonse kambiri kuposa ena onse ndi Kilkenny, ka 36. Amavala zakuda ndi zachikasu, ndipo amatchedwa Amphaka. Henry Shefflin anabadwa mu 1979, n'kukulira kumeneko, m'mudzi wa Ballyhale. Analowa mu timu yaikulu ya Kilkenny mu 1999, ndipo pomwe amapuma mu 2015 anali atawina chikho cha dziko lonse ka 10. Anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa chaka katatu, mu 2002, 2006 ndi 2012. Masapota anangomupatsa dzina loti Mfumu Henry, basi. Ndipo zaka zonsezo kochi wake anali mmodzi yemweyo, Brian Cody, mphunzitsi wa ku pulayimale, bambo wosaseka wamba, amene anatenga timuyi kumapeto kwa 1998.

Mbali inayo kuli Galway, boma la kumadzulo, ovala zofiirira. Kuchigawo chawo kulibe timu ina yolimba pa hurling, ndiye kuyambira 2009 anawalowetsa mu mpikisano wa chigawo cha Leinster, momwe muli Kilkenny. Kuchoka apo awiriwa akhala akugundana pafupifupi chaka ndi chaka. Mu 2012 Galway inachititsa manyazi Kilkenny mu fainolo ya chigawo. Anakumananso mu fainolo ya dziko lonse, n'kulepherana, ndipo amene anaikoka Kilkenny kuichotsa m'dzenje tsiku limenelo anali Shefflin. Atabwereza masewerowo Kilkenny inawina. Choncho kwa sapota wa Galway, dzina loti Shefflin linali dzina la munthu wowaliza.

Atapuma kusewera anakhala kochi wa kalabu ya kwawo, Ballyhale Shamrocks, n'kuwina nayo chikho cha makalabu a dziko lonse kawiri motsatizana, mu 2019 ndi 2020. Aliyense anaona kuti mnyamatayu ukochi akuutha. Anthu a ku Kilkenny anangoti uyu ndiye adzalowe m'malo mwa Cody. Vuto linali loti Cody sanaonetse zoti akuchoka. Ndiye mu Okutobala 2021, pomwe manyuzipepala ambiri ankalemba kuti ntchito ya ukochi ku Galway ipita kwa Davy Fitzgerald, kunatuluka chilengezo choti kochi watsopano wa Galway ndi Henry Shefflin. Dziko lonse la hurling linangoti kukamwa yasa.

Tsopano tione mmene masapota anachilandirira. Ine ndikuona magulu atatu.

Gulu loyamba linali la ku Kilkenny lomwe zinawawawa. Musawaseke, mfundo anali nayo. Munthuyu amadziwa zonse za m'nyumba: mmene Kilkenny imakonzekera, mmene Cody amaganizira, wosewera uti amafooka mbali iti. Ena mwa osewera odalirika a Kilkenny, monga TJ Reid, ndi a ku Ballyhale komweko, anasewera naye, kenako iye n'kukhala kochi wawo ku kalabu. Kwa gulu limeneli, kupita ku boma lakutali lomwe simukumana nalo zikanamveka. Koma Galway? Timu yomwe mwezi wa Meyi tikumana nayo?

Gulu lachiwiri linali la ku Kilkenny komweko, koma lomwe linamufunira zabwino. Iwo ankaona kuti munthu amene wakupatsa zikho 10 osalandira malipiro alibe nawe ngongole. Mpando wa kwawo unali ndi mwini wake. Kodi akanangokhala pakhonde kudikira mpaka imvi? Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ena ankawerengeranso patali, kuti akaphunzire ntchitoyo kwa eni ake ena, tsiku lina adzabwere nayo kwawo atakhwima.

Gulu lachitatu ndi a Galway. Ambiri anasangalala koopsa. Timu yawo imadziwika kuti ili ndi osewera aluso koma zikho zimabwera mwa apo ndi apo: anawina mu 1988, kenako anadikira mpaka 2017. Ndiye anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, atibweretsere mtima uja wa Kilkenny wosadziwa kugonja. Komabe panali ena okayika, chifukwa aka sikanali koyamba kuitana katswiri wa kunja. Ger Loughnane wa ku Clare anabwerapo ndi mbiri yaikulu, n'kuchoka mu 2008 wopanda chikho cha dziko lonse.

Tsiku lomwe onse ankalidikira linafika pa 1 Meyi 2022, pa bwalo la Pearse ku Salthill, kwawo kwa Galway. Mphunzitsi ndi mwana wasukulu wake, aliyense ku benchi yake. Masewero anali othina mpaka kumapeto, ndipo mu mphindi zoonjezera oyimbira anapereka mpira waulere kwa Galway. Conor Cooney anaumenya n'kudutsa pakati pa mapolo. Galway inawina ndi pointi imodzi, 27 kwa 26. Kenako makochi awiriwa anakumana kuti agwirane chanza. Cody anagwira dzanja la Shefflin mwamphamvu, osalisiya msanga, akumuyang'ana m'maso nkhope ili gwa. Shefflin anachoka akucheuka ngati munthu wodabwa. Zonsezo zinatenga masekondi ochepa chabe.

Anzanga, masekondi amenewo anakambidwa kuposa mphindi 70 za masewero. Kanema wake anazungulira pa intaneti, pa wailesi, pa TV, anthu akumuonera mobwerezabwereza ngati akufufuza mlandu. Ena ankati Cody wakwiya ndi mpira waulere uja basi, munthu wangoluza kumene, mumafuna aseke? Ena ankati ayi, pamenepa bambo akuuza mwana wake kuti wandipandukira. Ndipo ambiri, ngakhale ena a ku Kilkenny, anaona kuti Shefflin samayenera kulandiridwa choncho ndi munthu amene anawina naye zikho zonse zija. Taonani chodabwitsa: chanza chozizira chija chinabwezera Shefflin chifundo cha anthu ena omwe poyamba anamukwiyira.

Pa 4 Juni chaka chomwecho anakumananso mu fainolo ya Leinster ku Croke Park. Kilkenny inabweza, 22 kwa 17. Makamera onse anasiya osewera n'kulunjika pa makochi. Panadutsa kanthawi, kenako Shefflin ndi amene anayenda kupita kwa Cody kukapereka dzanja. Anagwirana mwachidule, iye n'kubwerera akupukusa mutu. Ine pa nkhani yonseyi, chithunzi chomwe chimandikhalira ndi chimenecho. Waluza fainolo, wapsa mtima, dziko lonse likumuyang'ana, koma ananyamuka kupita kwa mkulu wake.

Pali kanthu kena komwe ife kuno tingakamve msanga kuposa azungu eni ake. Mmodzi mwa omwetsa zigoli a Kilkenny, Eoin Cody, si mwana wa kochi uja ngakhale dzina likufanana. Ndi mwana wa mlongo wake wa Shefflin. Ndiye kuti malume ankakhala pansi usiku kukonza njira yotsekera mphwawo kuti asamwetse. Masewero akatha, umalume uli pomwepo. Chibale ndi fupa, sichiola. Ngati banja linatha kunyamula zimenezo, sapota wamba amene sanagwirepo ndi ndodo yomwe angalephere bwanji?

Nanga zinatha bwanji? Mu 2022 Galway inafika mu semifainolo ya dziko lonse n'kugonja kwa Limerick ndi mapointi atatu. Mu Julayi chaka chomwecho Cody anatula pansi udindo, atakhala zaka 24 ndi kuwina zikho 11. Mpando uja unapita kwa Derek Lyng, pomwe Shefflin anali ali ku Galway. Mu 2023, mu fainolo ya Leinster, Galway inkatsogola ndi mapointi awiri nthawi itatha kale, koma Cillian Buckley wa Kilkenny anamwetsa chigoli ndi mpira womaliza weniweni, 33 kwa 32. Kenako Limerick inawatulutsanso mu semifainolo. Mu 2024 zinthu zinaipiratu, Galway inalephera ngakhale kutuluka mu gulu la chigawo, ndipo mu Julayi Shefflin anasiya ntchito. Zaka zitatu, wopanda chikho cha Leinster kapena cha dziko lonse.

Apa mpamene mtima wa sapota unaonekera bwino. Ena mwa a Galway omwe anavina mu 2021 anayamba kunena kuti mlendo sangamvetse osewera athu, timafuna wathu wa konkuno. Koma mukudziwa amene anawatulutsa mu 2024? Inali timu ya Dublin, pa bwalo lawo lomwe la Salthill, ndipo kochi wa Dublin anali Micheál Donoghue, mwana wa ku Galway, yemwe uja anawapatsa chikho cha 2017. Iyenso anali atawoloka kukathandiza adani! Ndiye Shefflin atachoka, Galway inatani? Inaitana Donoghue yemweyo kuti abwerere kwawo adzakhale kochi. Munthu amene wangokutulutsani mu mpikisano, miyezi yochepa chabe mukumulandira pakhomo. Mwaona eti? Mawu oti wapanduka amatha msanga tikamufuna munthuyo.

Maganizo anga ndi awa. Kuwawidwa mtima n'kololedwa. Sapota amene samva kanthu ngwazi yake ikavala mtundu wina ndiye kuti sankaikonda. Kufuna kuti timu yake iluze mukakumana, nakonso n'kololedwa, ndiwo masewerowo. Pomwe ndikukana ine ndi pofufuta zomwe munthu anachita. Zikho 10 zija zili m'mabuku a Kilkenny, ndipo zaka zitatu za ku Galway sizinachotsepo ngakhale chimodzi. Tikamachemerera munthu timayamba kumuona ngati katundu wathu, n'kuiwala kuti nayenso ali ndi zaka zake zomwe zikupita, ndi luso lomwe likufuna pogwira. Ngati pakhomo palibe malo, ndipo sitingamupatse malowo, tilibe chifukwa chomutukwanira akakawapeza kwina.

Ndipo izi zikutikhudza ife tili panofe. Ambiri tamaliza Fomu 4, ena tikudikira zotsatira, ena tikusaka malo ku koleji kapena ganyu. Chaka chamawa sitidzakhala tonse pano. Wina amene waphunzira kuyankhula pagulu m'chipinda chino adzakatsogolera kalabu ina, ndipo tidzakumana naye pa mpikisano wa mtsutso ali mbali inayo. Wina amene timamudalira pa mpira adzaitanidwa kukaphunzitsa timu ya tsidya. Tsiku limenelo tidzasankha tokha kuti timupatsa chanza chotani. Ndipo iwe amene udzachoke, udzakumbukire kuti amene anayenda kukapereka dzanja ku Croke Park anali wamng'ono, amene analuza.

Ndisiyire pomwepa kuti tikambirane. A wapampando, ndikupempha tiyambe ndi funso ili: mukanakhala Shefflin mu Okutobala 2021, foni ya ku Galway ikuitana, mukanayankha kapena mukanadikira mpando wa kwanu? Amene muli pa intaneti lembani maganizo anu m'munsimu, tidzawawerenga pa mkumano wotsatira.