Kusinkhasinkha za Makhalidwe a Mulungu

Pemphero la mkhristu lisamayambe ndi kupempha ayi, koma ndi kusinkhasinkha kuti Mulungu ndani. Munthu wa ku Maniamba potsikira ku Metangula amaona nyanja ya Niassa itatambalala ngati yopanda malire. Komabe nyanjayo ili ndi tsidya lake, pamene chifundo cha Mulungu chilibe malekezero. Mwera umaomba nuleka, koma Iye sasinthika. M'nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma mu 1992, akhristu ambiri a ku Niassa anakhala opanda wansembe, opanda Misa. Chimene chinawalimbitsa ndicho kudziwa kuti Mulungu ali ponseponse, ngakhale m'tchire mothawira. Mtima wodziwa zimenezi umayamba wapembedza usanapemphe kanthu.